Mpira woyera wa patebulo la atate

Atate anga anagwa ndi sitiroko mwezi wa Meyi, thonje litayamba kuyera m'minda. Ine ndinali ku Chipata, kumene ndimaphunzitsa za makompyuta pasukulu ina ya sekondale, ndipo ndinangotsikira kwathu kuchigwa cha Luangwa masiku atatu, kuwaona m'chipatala, n'kubwerera ku ntchito. Sukulu zitatsekera mu Ogasiti ndinafika kwathu ku Mambwe ndili ndi milungu inayi m'manja. Ndinawapeza atakhala pampando wa pulasitiki kuseri kwa nyumba, nkhope italoza kumpanda wa udzu. Dzanja lamanja linali litagona pantchafu ngati si lawo. Kuyankhula ankatha, pang'onopang'ono, mawu akukokeka, koma sankafuna. Ndinawapatsa moni, iwo anangogwedeza mutu.

Amene sanawadziwe kale sangamvetse chimene chinandiwawa. Atate anatsika kuchokera kumtunda ali mnyamata kudzagulitsa mchere ndi sopo, n'kukhazikika, n'kumanga golosale m'mbali mwa msewu wopita ku Mfuwe. Koma anthu sankawadziwa ndi golosaleyo. Ankawadziwa ndi tebulo la pulu limene linali pansi pa chisakasa cha malata pambali pake. Ubwana wanga wonse phokoso la pakhomo pathu linali limenelo: mipira kugundana, amuna kuseka, mawu a atate pamwamba pa onse akunyoza wolephera m'Chinyanja ndi m'Chikunda momwe. Lamulo la patebulopo linali lakuti wopambana sachoka, wofuna kulimbana naye aike tokeni yake, kachitsulo kolipirira gemu, m'mphepete mwa tebulo n'kudikira. Masiku ena atate ankagwira ndodo dzuwa lili paliwombo n'kudzaisiya nkhuku zikulowa m'khola.

Ine pansi pa chisakasacho sindinapondepo. Mwana wamkazi sankaloledwa, ndipo panalibe zokambirana. Mchimwene wanga ankasanja mipira asanadziwe n'kumanga zingwe za nsapato, ine ndikuyeza shuga m'golosale n'kumasuzumira pawindo. Mipirayo ndinkaidziwa ndi maso ndi makutu basi.

Pofika Ogasiti ameneyo tebulo linali litapita. Mchimwene wangayo analigulitsa kubala ina ya kufupi ndi eyapoti atate akadali m'chipatala, ati linalibe woliyang'anira ndipo likanangowonongeka. Sanawafunse. Anawauza litakwera kale galimoto. Pansi pa chisakasa panatsala zipsera zinayi pasimenti pamene panali miyendo, ndi mbuzi zobisala dzuwa. Anzawo a atate aja, amene ankawatcha mudala n'kumawagulira zakumwa, anabwera mlungu woyamba, ena wachiwiri, kenaka zii. Amayi anandiuza kuti kwa mwezi wathunthu sanamve atate akunena mawu opitirira atatu motsatizana.

Ndinayamba ndi zapafupi. Ndinatsitsa magemu a pulu pafoni n'kuwapatsa. Anayang'ana kasikirini kakang'onoko, mipira ya manambala ndi mizeremizere, zotsatsa malonda zikulumphira pakati pa masewero, n'kukankha foniyo ndi dzanja lamanzere.

“Si pulu iyi,” anatero. “Pulu ndi yofiira ndi yachikasu.”

Amayi anatembenuka ali ndi mbale m'manja. Awa anali mawu ambiri kuposa onse amene anawamva chiyambire Julayi. Ine pomwepo ndinaona khomo lolowera. Ndinali ndi laputopu yakale yokhala ndi pulogalamu yopangira magemu, imene ndinkaphunzitsira ana a m'kalabu yathu kusukulu tizinthu ting'onoting'ono: kamunthu kodumpha mipanda, kagalimoto kozemba miyala. Ndinati ndiwapangira atate tebulo lawo lomwe lija, nsalu yobiriwira yothothoka pakona imodzi, mipira yofiira ndi yachikasu, wakuda ndi woyera, loseweredwa ndi mausi ndi dzanja limodzi, ndipo laputopuyo ndiwasiyira. Ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti akangomenya mpira umodzi, pakamwa pawo patseguka, munthu uja abwerera. Ndinadzipatsa mlungu umodzi. Wondiseka andiseke, nanenso ndimadziseka.

Kujambula tebulo ndi mipira kunanditengera masana amodzi. Kuyendetsa mpira umodzi, kuti ugunde khoma n'kubwerera, tsiku lina. Mavuto anayamba nditaika mpira wachiwiri.

Kompyuta sidziwa kuti chinthu n'chobulungira. Ukajambula mpira, pulogalamu ija imauika m'kabokosi ka makona anayi kosaoneka, ndipo imati zinthu ziwiri zagundana makabokosiwo akakhudzana. Ndiye mpira wanga woyera unkadutsa chapambali pa wofiira, mpata ukuoneka bwinobwino pakati pawo, wofiirayo n'kuthawa wokha ngati wawopsezedwa. Makona a mabokosi ndiwo anali atagundana. Pa kagalimoto ndi miyala ana anga kusukulu sankaona n'komwe cholakwika chotere, koma munthu amene wamenya mipira zaka zambirimbiri sungamunamize ndi mabokosi. Ndinapeza pamene amasinthira bokosi kukhala lozungulira, koma nalo linkaphonya mpira ukathamanga. Ndinaganiza zolemba ndekha lamulolo. Si lovuta: uyeze mtunda wochokera pakati pa mpira wina kufika pakati pa unzake, ndipo ukachepa kuposa theka la kukula kwa uwu kuphatikiza theka la kukula kwa uwo, basi, yagundana. Samu ya giredi naini. Ndinanyada ngati ndatulukira moto.

Kenaka mipira inayamba kumatirirana. Iwiri ikagundana inkalowana pang'ono, kompyuta n'kuibweza, koma isanalekane n'kuonanso kuti yagundana, n'kuibwezanso. Inkangonjenjemera pamalo amodzi itakumbatirana, kapena kuzungulirazungulira tebulo lonse iwiriiwiri. Masiku atatu anathera pamenepo ndisanazindikire kuti ndiyenera kuyamba ndailekanitsa kaye, uliwonse ubwerere theka la pamene yalowana, ndiyeno n'kuipatsa njira.

Ntchitoyi ndinkaigwirira m'chipinda changa chakale, chitseko chili chotseka chifukwa cha fumbi, nkhuku ndi wailesi ya amayi. Malaiti ankapita m'mamawa n'kubwera nthawi imene afuna, ndiye ndinkathamangira kukatchajitsa kwa wometa tsitsi wina amene ali ndi sola. Netiweki inkagwira bwino pachulu cha kuseri kwa tchalitchi. Kumeneko ndinkaima mphepo ya Ogasiti ikundithira mchenga m'maso, ndikuwerenga mayankho a anthu akunja pa intaneti. Ambiri ankangoti, tsitsa chowonjezera chakutichakuti, kapena, onera vidiyo iyi ya ola lathunthu. Ankayankha ngati aliyense padziko ali ndi malaiti osazima ndi mabandulo osatha. Ndinkawatukwana mumtima n'kumakopera zolemba zawo papepala.

Mpando wa atate unali kuseri kwa khoma lomwe ndinatsamiritsako tebulo langa. Ndinkawamva akatsokomola, ndinkamva mpando ukalira akasuntha. Kuchipatala anati aziyenda m'mawa uliwonse, kuchoka pakhomo kukafika kumsewu n'kubwerera, wina atawagwira mkono. Amayi ndiwo ankawayendetsa, ndi mawondo awo otupawo. Tsiku lina anagogoda.

“Iwe, lero kawayendetseko atate ako. Ine miyendo yakana.”

“Ndikubwera, amayi, ndingomaliza apa.”

Pamene ndinkatuluka dzuwa linali litatentha kale, ndipo ndinawaona awiriwo akubwerera kuchokera kumsewu, wodwala atatsamira wodwala mnzake. Manyazi ndinachita, koma sanakhalitse. Ndinadziuza kuti kuyendetsa munthu aliyense angathe, pamene chimene ndinkapanga ine panalibe wina m'boma lonse la Mambwe akanachitha.

Mlungu wachiwiri vuto linali la liwiro. Mpira woyera ukamenyedwa mwamphamvu unkapyola mipira ina osaikhudza, nthawi zina n'kutulukiratu kunja kwa tebulo osabweranso. Chifukwa chake n'chakuti pakompyuta mpira sugubuduka, umadumpha: apa uli pano, pachithunzi chotsatira uli apo. Ukathamanga kwambiri dumpho limodzi limaposa kukula kwa mpira unzake, ndipo kompyuta, poyang'ana isanadumphe ndi itadumpha, siona kugundana kulikonse. Ndinaphwanya dumpho lililonse kukhala timadumpho tambiri. Laputopu yakaleyo inayamba kutentha n'kumalira ngati chigayo, mipira ikuyenda monga ili m'matope. Ndinachepetsa, inayambanso kupyola. Ndinathera masiku ndikufunafuna pakatikati.

Chomaliza chinali njira: mipira ikagundana, uti upita kuti, ndi liwiro lotani. Mabuku amati ujambule mzere wochokera pakati pa wina kufika pakati pa unzake. Mphamvu yotsata mzerewo mipira imasinthana, yotsala uliwonse umasunga yake. Nditalemba zimenezi bwino, tsiku lina m'mawa ndinamenya mulu wa mipira n'kuona ikubalalika monga ndinkaionera pawindo la golosale. Ndinaikamo ndi phokoso la kugundana. Umenewo unali mlungu wachitatu, Lachiwiri.

Ndinanyamula laputopu kupita nayo kuseri, n'kuiika pasitulu patsogolo pa atate. Anawerama. Ndinamenya mulu uja, iwo anatsatira mipira ndi maso, ndipo ndinaona chala chawo cha kumanzere chikugunda pabondo. Kenaka ndinaloza mpira wofiira umene unali moyang'anizana ndi dzenje, n'kuumenya pamphumi penipeni. Wofiira unalowa. Woyera unaima nji pamalo pamene panali wofiira.

Atate anapukusa mutu.

“Woyera suima choncho.”

“Umaima, atate.”

“Umabwerera. Pang'ono.” Anasonyeza ndi chala, kukokera kumbuyo.

Ndikanangofunsa kuti chifukwa chiyani. Funso limodzi. Koma ndinali nditatopa, maso akuwawa, milungu iwiri ndi theka ndili m'chipinda chotseka chifukwa cha iwo, ndipo mawu oyamba amene anandipatsa anali ondipeza cholakwa. Komanso, ndinene zoona, panali kamwana kaja ka pawindo kamene kanali kasanaiwale.

“Atate, mipira iwiri yofanana ikagundana pamphumi, womenyawo umaima, winawo n'kutenga liwiro lonse. Si ine ndanena, ndi sayansi. Inu munkangomenya, zimenezi simunaziwerenge.”

Pakamwa pawo panayamba kugwedezeka. Mawu ankawavuta kwambiri akakwiya, ankachita kuwakoka limodzilimodzi. Anakweza dzanja lamanzere kuti andidikiritse. Ine sindinadikire. Ndinatseka laputopu n'kunyamuka, ndipo pofika pakona ya nyumba ndinacheuka n'kuona atabwezera nkhope kumpanda. Masiku awiri otsatira sanayankhe ngakhale moni wanga. Amayi sanandifunse kanthu, koma mbale ankaziika patebulo mwamphamvu.

Lachisanu ndinakwera minibasi kupita ku eyapoti. Sindinapite kukaphunzira ayi, ndinapita kukatenga umboni. Ndinkafuna kujambula vidiyo patebulo lawo lomwelo, woyera utaima nji, ndidzawaonetse. Ndinatsika cha m'ma teni, magalimoto a kumaloji atandanda kudikira alendo a ndege. Bala ija sinavute kupeza. Tebulo linali pakhonde, atalivala nsalu yatsopano, koma ndinalizindikira ndi mwendo umodzi umene atate anauchirikiza ndi chitsulo. Amene ankasewera anali bambo wina wamtali amene kale anali msodzi ku Luangwa, mmodzi mwa anzawo a atate a tsiku ndi tsiku. Pakhomo pathu anadyapo nthawi zosawerengeka.

“Aa, amadamu! Muli bwanji? Mwabwera liti? Nanga mudala ali bwanji?”

Ndinayankha moni, za atate ndinangoti alipo. Amuna ena anayi anasiya kucheza n'kumandiyang'ana, mkazi wovala chitenge ndi chikwama cha laputopu ataima pambali pa tebulo la pulu. Ndinapempha bamboyo kuti aike mpira wofiira pakati, aumenye ndi woyera pamphumi, pakatikati, popanda zokometsera zilizonse. Ndinakonzeka ndi foni.

Wofiira unapita. Woyera unabwerera m'mbuyo mwina zala ziwiri.

“Mwaumenya m'munsi,” ndinatero. “Bwerezani.”

Anabwereza katatu. Kenaka anandipatsa ndodo kuti ndimenye ndekha, ndipo ndinaphonya mpira wonse, amuna aja n'kuseka. Ndiye bamboyo anatola mpira woyera ndi wofiira, n'kundiuza kuti nditambasule manja. Anaika wina m'dzanja ili, wina m'dzanja ilo. Ndinali ndi zaka zopitirira makumi atatu, ndinabadwira mamita ochepa kuchokera patebulo limenelo, ndipo aka kanali koyamba kugwira mipira yake. Woyera unali waung'ono. Osati kwambiri, koma dzanja linadziwa nthawi yomweyo, ndipo unali wopepukirapo.

“Matebulo a tokeni ndi mmene alili,” anatero. “Mipira ina yonseyi ikalowa m'dzenje imakatsekeredwa m'kati mpaka wina aike tokeni. Koma woyera uyenera kutuluka kuti gemu ipitirire. Ndiye anauchepetsa, umadutsa pakampata kamene inzake singadutse, n'kutulukira uku.” Analoza kabowo kumapeto kwa tebulo. “Wopepuka ukamenya wolemera umabwerera, nanga si choncho? Amadamu, mwana wa mwini tebulo osadziwa zimenezi?”

“Munandilola liti kufika patebulo?” ndinamufunsa.

Anaseka, akuganiza kuti ndi nthabwala. Sayansi yanga sinali yolakwa. Inkanena za mipira yofanana, ndipo ine ndinangoganiza ndekha kuti mipira ya atate ndi yofanana, chifukwa pawindo inkaoneka choncho. Ndidziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Ndinaima pamenepo mipira ili m'manja, ndipo mkwiyo wonse umene ndinayenera kudzikwiyira ndekha ndinauthira pa bamboyo.

“Nanga inu bwanji simubwera kudzawaona? Minibasi imene yandibweretsa ine imabwereranso.”

Anayang'ana pansi, akupaka choko kunsonga ya ndodo.

“Amadamu, tikapita tikakamba chiyani? Mudala uja ine ndimamudziwa ali chiimire, ndodo ili m'manja, akutitukwana. Kumuona pampando paja mtima umandiwawa.”

“Ndiye odwala kwambiri ndinu. Pepani, mupeze bwino.”

Palibe anaseka. Ndinatulutsa ulusi m'chikwama n'kuyeza mipira iwiriyo, kumanga mfundo pa uliwonse. Ndinawoloka nayo msewu kupita pabutchala ina, n'kupempha kuti andiikire pasikelo, wogulitsa nyamayo akundiyang'ana ngati ndazungulira mutu. Ndinalemba manambala papepala, kubweza mipira, n'kukwera minibasi. Njira yonse ndinkayeseza mawu opepesa. Nditafika ndinawaona atate ali pampando paja, ndipo ndinadziuza kuti kupepesa kwenikweni n'kukonza gemuyo, mawu okha ndi mphepo. Ndinalowa m'chipinda n'kutseka chitseko.

Ndinkayesa ndi ntchito ya ola limodzi, kungochepetsa mpira umodzi. Koma zonse zimene ndinalemba zinali zitakhazikika pa mipira yofanana. Polekanitsa yolowana ndinkagawa pakati, posinthana liwiro ndinkangosinthanitsa, ngakhale poyeza mtunda ndinali nditachita ulesi n'kulemba nambala imodzi. Nditachepetsa woyera, unayamba kumira m'makoma. Nditakonza makoma, mulu wa mipira ukamenyedwa unkaphulika, mipira ikuthamanga kuposa mphamvu imene ndaipatsa. Ndinafufuta pafupifupi theka la ntchito yanga n'kuyambanso, tsopano mpira uliwonse uli ndi kukula kwake ndi kulemera kwake. Mlungu wachinayi unathera momwemo. Mchimwene wanga anabwera tsiku lina ndi thumba la mpunga, anasuzumira m'chipinda n'kunena kuti anthu ophunzira ali ndi nthawi yotaya. Ndinamuyankha kuti ena nthawi yawo amathera pogulitsa katundu wa anthu amoyo. Anachoka osatsanzika, ndipo amayi analira.

Ndinamaliza Loweruka masana. Sukulu zinkatsegulira Lolemba, ndipo ine ndinayenera kunyamuka Lamlungu m'mamawa.

Ndinaika laputopu pasitulu paja, ndi kabuku pansi pa mausi. Atate sanaiyang'ane.

“Atate, ndinapita kukaona tebulo lanu. Woyera ndi waung'ono. Munanena zoona, ine ndinalakwa.”

Anatembenukira kwa ine n'kufunsa.

“Lili bwanji?”

“Alivala nsalu yatsopano. Mwendo uja ukadali ndi chitsulo chanu.”

Anatulutsa mpweya m'mphuno, sindikudziwa ngati kunali kuseka. Ndinagwira dzanja lawo lamanzere n'kuliika pamausi, kuwasonyeza polozera ndi pokokera mphamvu. Dzanjalo linali losazolowera, ndodo ya pasikirini ikuvinavina. Kawiri anamenya mphepo. Kachitatu anaugwira mpira wofiira pamphumi, ndipo woyera unabwerera m'mbuyo pang'ono n'kuima. Anayang'anitsitsa. Anandiuza ndi chala kuti ndiubwezere pomwe unali, n'kumenyanso.

“Ndi umenewo,” anatero.

Milungu inayi ndinkadikira mawu amenewo. Anamwetsa yofiira itatu motsatizana, ndi dzanja limene sanamenyerepo mpira chibadwire, ndipo wachitatuwo anaudutsitsa pakhoma, woyera n'kukaima pamene ankafuna. Mbali ya pakamwa pawo imene inkagwirabe ntchito inakwera m'mwamba. Amayi anali ataima pakona ya nyumba ndi lichero, osasuntha. Wachinayi anaphonya. Pasikirini panalembedwa kuti tsopano ndi nthawi ya wachiwiri. Anagwedeza mausi, ndodo osayenda kumbali yawo.

“Nanga apa?”

“Mwaphonya, ndiye amenye mnzanu.”

“Mnzanga uti?”

Zopanga kuti kompyuta izisewera yokha ngati mdani sindinaziyambe n'komwe. Ndinali nditazilemba papepala mlungu woyamba, pansi pa mndandanda, ndipo mipira inadya nthawi yonse. Ndinati ndisewera ine. Ndinakoka njerwa n'kukhalapo, tikulandizana mausi. Ndinamwetsa mpira umodzi wokha, nawonso mwangozi, ndipo nditamwetsa woyera kachiwiri anati, pang'onopang'ono koma momveka, “Amadamu, sayansi ija yapita kuti?” Ndinaseka mpaka misozi, ndipo si yonse inali ya kuseka. Anamwetsa wakuda, n'kupambana. Ndinayamba kusanjanso mipira kuti tibwereze.

“Basi yako ndi ya nthawi yanji?”

“Ziro faifi m'mamawa, atate. Koma laputopu ndikusiyirani, ndi chaja chomwe. Ndiwaphunzitsa amayi poyatsira. Za mdani wa kompyuta ndikamaliza ku Chipata, ndidzabwera nazo Disembala.”

Anachotsa dzanja pamausi n'kulibwezera pabondo.

“Pita nayo. Ndekha sindisewera.”

Ndinayamba kufotokoza kuti angathe kumenya mbali zonse ziwiri, kuti zithandiza dzanja, kuti mwina ana a moyandikana nafe azibwera. Anandisiya ndiyankhule mpaka ndinatha mawu. Ndiyeno anayamba awo, ndipo ulendo uno ndinadikira, ngakhale kuti anatenga nthawi yaitali kuwatulutsa.

“Tsiku lililonse ndimakumva. Kuseri kwa khomali. Ukugogoda, ukugogoda.” Anapuma. “Ndimati mwina lero atuluka.”

Ndinakwiyira mchimwene wanga chifukwa cha tebulo, ndinanyoza msodzi uja pamaso pa anzake chifukwa chosakwera minibasi, pamene pakati pa ine ndi atate panali khoma limodzi lokha la njerwa zosawotcha. Ndinatambasula dzanja kuti nditseke laputopu ndikaiike m'nyumba.

“Isiye,” anatero atate. “Khala pansi. Dzuwa likadalipo.”

Ndinabwerera panjerwa paja. Sitinakambe zambiri. Anandifunsa ngati msewu wa ku eyapoti anaukonza, ndi amene ndinawapeza patebulo, ndipo ndinawatchulira mmodzimmodzi. Dzuwa linali litatsala pang'ono kufika pamwamba pa mpanda, mwina ola limodzi ndi theka lisanalowe. Pa milungu inayi yonse ija, nthawi imene ndinakhala ndi atate anga ndi imeneyo.